KONZANI PAKHOMO MVULA ISANAGWE

Anzanga alimi a m'boma la Mangochi, ndi nonse okhala m'mbali mwa nyanja kuyambira ku Makanjira ndi Malindi kufikira ku Nankumba ndi Malombe,

Mwezi wa Okutobala wafika. Dzuwa likuswa mtengo, nyenje zikulira, ndipo mwera wa m'nyengo yozizira unaleka kale. Posachedwa tidzamva fungo la chizimalupsa. Ambiri maganizo ali pa mbewu, feteleza ndi kugalauza m'munda, ndipo nkoyenera ndithu. Koma lero ndifuna tikambirane za pakhomo: denga, khoma, nkhokwe, chimbudzi, khola ndi zitsulo zolimira. Pakuti mlimi angakolole bwanji, ngati nkhokwe yake idontha, walimira chuku ndi anankafumbwe.

Ndiyambe ndi kudziulula ndekha. Chaka china ndinaona kuti udzu wa pa nkhokwe yanga wafumbwa mbali imodzi. Ndinati ndidzafolera Loweruka. Loweruka litafika kunagwa maliro, linalo ndinapita kumsika, ndipo mvula inandipeza ndisanakwere padenga. Pofika Januwale mayi a kunyumba anakatapa chimanga nachipeza chakuda ndi chuku. Tinataya chakudya cha miyezi iwiri chifukwa cha mitolo itatu ya udzu. Mlangizi wathunthu ndinakaima pa mzere wogula chimanga m'mwezi wa njala. Musachite monga ndinachitira ine.

Kumbukiraninso zimene taona m'zaka zapitazi. Mu Januwale 2015 madzi anasefukira m'maboma ambiri, ndi lathu lomwe. Mu Januwale 2022 kunadza namondwe Ana. Mu Malichi 2023 namondwe Freddy anakantha chigawo cha kumwera: anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa, ndipo oposa 600,000 anatsala opanda pogona. M'chaka cha 2024 nyanja inadzaza nilowa m'makomo ndi m'madimba a m'mphepete mwake. Palibe munthu angaletse mphepo kapena madzi otere. Koma nyumba zambiri zimene zimagwa m'dzinja sizigwa ndi namondwe ayi. Zimagwa ndi mvula wamba, chifukwa mwini wake sanasamale tinthu tating'ono nthawi ilipo.

DENGA LA UDZU

Lowani m'nyumba masana dzuwa lili paliwombo, tsekani chitseko, ndipo yang'anani kumwamba. Paliponse mukuona kuwala, pamenepo mvula idzalowa. Kenaka tengani mpeni mubaye mapaso ndi mitanda umodzi umodzi. Mtengo umene mpeni ukulowa mosavuta wadyedwa ndi chiswe m'kati, ngakhale kunja ukuoneka wabwino. Uchotseni. Kufolera udzu watsopano pa mapaso ofumbwa ndiko kutaya udzu, chifukwa udzu ukanyowa umalemera ndipo denga limatitimira pakati.

Denga la udzu lifuna kutsetsereka kwambiri. Muyeso wake ndi uwu: pa mkono uliwonse wopita m'kati mwa nyumba, denga likwerenso mkono umodzi. Denga logona limasunga madzi, ndipo udzu umaola msanga. Pofolera yambirani m'munsi kukwera kumwamba, matsinde a udzu aloze pansi, ndipo mzere wapamwamba uphimbe wapansi bwino lomwe. Musaumire udzu. Ukhale wochindikala osachepera masentimita 15, ndiko kunena chikhatho chotambasula kapena kuposapo. Mangani mzere uliwonse ndi luzi, khonje kapena mlaza, pakuti udzu wongoyala mphepo imauulutsa. Pamsonga pa denga ndiye pofunika luso, popeza mpamene madzi amayambira kulowa. Pindiranipo udzu wambiri ndi kumanga kawiri.

Ambiri masiku ano amayala pepala la pulasitiki pansi pa udzu. Nzabwino, koma pepalalo lisaonekere kudzuwa, chifukwa dzuwa limaliumitsa ndi kuling'amba. Ndipo chaka chamawa mwetani udzu m'miyezi ya Juni ndi Julayi, utauma koma moto wa m'tchire usanadutse. Wofuna udzu mu Novembala amagula wodula, ndiponso wosankhidwa kale.

DENGA LA MALATA

M'boma lathu muno nyumba zambiri za malata zamangidwa ndi ndalama za nsomba kapena za ana athu ali ku Joni. Nzachisoni kuona malata amene mwana anavutikira zaka ziwiri kuchilendo atapindika m'munda mwa mnansi tsiku limodzi. Dziwani kuti mphepo siyikankha denga, imaliyamwa ndi kulinyamula monga mmene imanyamulira lichero. Chifukwa chake kusanja miyala kapena njerwa pamwamba pa malata sikuthandiza kwenikweni, ndipo mwala ukagwa ukhoza kupha mwana.

Chofunika ndicho kumangirira denga ku khoma. Pa phaso lililonse kulungani waya wolimba, muulowetse m'khoma mizere 4 kapena 5 ya njerwa kuchokera pamwamba, ndi kuupota zolimba. Ngati nyumba inamangidwa kale popanda waya, boolani khoma pa mzere umenewo, pisani waya, mangani, ndi kutseka bowolo. Inu amayi amene bambo ali ku Joni, akatumiza ndalama za malata auzeni aonjezepo za waya ndi misomali. Mtengo wake ndi wochepa poyerekeza ndi lata limodzi.

Msomali ukhomedwe pamwamba pa msana wa lata, osati m'ngalande moyenda madzi. Gwiritsani misomali ya chipewa. M'mphepete mwa denga ndi m'ngodya khomani pafupipafupi, popeza mpamene mphepo imayambira kukanganula. Malata akumane popitirirana msana umodzi ndi theka m'mbali, ndi masentimita 15 kumapeto. Pamene pali kabowo, palani dzimbiri, pakani phula, ikani kansalu, ndi kupakanso phula pamwamba. Amene mukumanga nyumba yatsopano, dziwani kuti denga lotsetsereka mbali zonse zinayi limapirira mphepo kuposa la mbali ziwiri.

KHOMA NDI MAZIKO

Nyumba ya zidina kapena ya mdindo imatha kukhala zaka zambiri ikavala chipewa chabwino ndi nsapato zabwino. Chipewa ndilo denga, nsapato ndiwo maziko. Denga lituluke kunja kwa khoma masentimita 60, kuti madzi a padenga agwere patali. Madzi akamagwera patsinde pa khoma amalidya pang'onopang'ono kufikira khomalo litaima pa mwendo woonda, ndipo usiku wina limagwera anthu ali m'tulo.

Tsono zungulirani nyumba yanu. Pamene tsinde la khoma ladyeka, palanipo, wazani madzi, ndi kumata dothi losakaniza ndi mchenga ndi ndowe ya ng'ombe. Matani pang'ono, liume, ndi kubwerezanso. Mukamata lochindikala nthawi imodzi limang'aluka ndi kugwa. Kwezani khonde kuzungulira nyumba yonse, lotsetserekera kunja, ndipo amayi alizire bwino. Kumtunda kwa nyumba kumbani ngalande yopatutsa madzi, koma onetsetsani kuti simukuwalozetsa pakhomo pa mnzanu, pakuti milandu yambiri ya m'dzinja kwa a nyakwawa imayambira pamenepo.

Simenti sagwirana bwino ndi chidina. Mukamata simenti pa khoma la dothi, amakanganuka ngati chikhungwa, ndipo madzi amabisala kuseri kwake. Koma pa njerwa zootcha sakanizani ndowa 1 ya simenti ndi ndowa 6 za mchenga wopanda dothi, ndipo muzithirira madzi m'mawa ndi madzulo kwa masiku 7. Simenti amalimba ndi chinyezi. Akauma msanga ndi dzuwa la kuno kunyanja amafumbutuka.

Mng'alu waung'ono ngati ulusi mukhoza kungoumata. Koma mng'alu wopendekeka, woyambira pa ngodya ya zenera kapena ya chitseko, umene chala chikulowamo, ukutanthauza kuti maziko akusuntha. Izi zimachitika kawirikawiri pa dothi lakuda la makande la m'madambo, limene limang'aluka m'chilimwe ndi kufufuma m'dzinja. Itanani mmisiri aone, ndipo ana asagone pafupi ndi khoma lotero. Inu amene madzi analowa m'nyumba zanu mu 2023 kapena mu 2024, chizindikiro cha madziwo chikadalipo pakhoma. Musamangenso pansi pa chizindikirocho. Kambiranani ndi mfumu za malo okwera.

CHISWE

Chiswe chimadzera pansi, ndipo chimamanga timisewu tadothi pakhoma pokwera kudenga. Mukaona timisewuto tiphwanyeni pomwepo, ndipo muziyendera sabata iliyonse. Musaunjike nkhuni, mapesi kapena udzu motsamira khoma. Nsichi kapena mzati watsopano muusende makungwa, uume, ndipo mbali yolowa pansi muiwaule pamoto kufikira itada, kapena muipake oyilo wakutha wa galimoto. Koma oyiloyo asayandikire chitsime, dimba kapena chakudya.

Mitengo yokanika chiswe monga tsanya ndi mwanga yasowa, ndipo kudula mitengo m'nkhalango za boma monga Namizimu ndi Phirilongwe popanda chilolezo ndi mlandu. Njira yake ndiyo kudzala yanuyanu. Keshya, nimu ndi nsungwi zimakula bwino m'dera lathu lotentha. Mukadzala mu Disembala uno kuseri kwa nyumba, mwana amene akuyamba sukulu tsopano asanamalize pulayimale mudzakhala mukudula mapaso pakhomo.

NKHOKWE NDI MATUMBA

Chimanga chimene chili m'nkhokwe lero ndicho chidzakufikitsani ku zokolola. Folerani nkhokwe musanafolere khitchini. Denga lake lituluke kunja mokwanira kuti mvula ya mphepo isamenye m'mbali. Nkhokwe ikhale pa miyendo yotalika mita imodzi, ndipo mwendo uliwonse muuveke kachidutswa ka lata kopindidwa ngati chipewa choloza pansi, kuti khoswe akakwera abwerere. Dulani nthambi zonse zofika padenga lake, ndi kulambula pansi pake.

Nankafumbwe wamkulu uja woboola ndi mitengo yomwe si wa kuno. Kwawo ndi ku Central America. Analowa ku Tanzania cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, nafika kuno kwathu kudzera kumpoto cha kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Iyeyu amabisala m'nsungwi ndi m'mitengo ya nkhokwe yakale kudikira chimanga chatsopano, ndipo amakonda kwambiri chimanga chosatonola. Mukaona ufa wambiri pansi pa nkhokwe, tonolani chimanga chonse, petani, thirani mankhwala monga Actellic potsata muyeso wolembedwa pa botolo, ndi kusunga m'matumba. Nsungwi zofumbwazo zitentheni.

Aliponso matumba osalowa mpweya otchedwa PICS, amene anakonzedwa ndi akatswiri a sukulu ya Purdue ku America. Ali ndi mapepala awiri a pulasitiki m'kati. Mukamanga pepala lililonse palokha, tizilombo timafa ndi kusowa mpweya, popanda mankhwala. Koma thumba lobooka latha ntchito, choncho liyeseni polifufumitsa ndi mpweya musanathiremo chimanga. Matumba onse asanjidwe pa mitengo, osakhudza pansi kapena khoma.

Pofuna kudziwa ngati chimanga chauma, tengani botolo lagalasi louma, thiranimo chimanga ndi mchere wouma pang'ono, tsekani, khutchumulani, ndi kudikira kanthawi. Mchere ukamatirira m'mbali mwa botolo, chimangacho chikadali ndi chinyezi, chiyanikeninso. Chimanga kapena mtedza wa chuku uli ndi poizoni woononga chiwindi ndi kupinimbiritsa ana, ndipo kuphika sikumuchotsa. Musadye, musafulule mowa kapena thobwa, ndipo musapatse nkhuku.

CHIMBUDZI

Kolera imene inayamba ku Machinga mu Malichi 2022 inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo boma lathu la Mangochi linali limodzi mwa amene anavutika kwambiri. Matendawa amafala pamene chimbudzi cha munthu chafika m'madzi akumwa. Likodzo nalonso limapitirira chifukwa cha kukodzera ndi kudzithandiza m'nyanja ndi m'madambo. Ena amaona chimbudzi ngati chinthu cha alendo, koma kwa ana anu ndi mankhwala.

Vuto lathu kuno ndi mchenga. Dzenje la ngodya zinayi limagumuka mvula yoyamba. Kumbani dzenje lozungulira, pakuti ndilo lolimba, ndipo m'kati mwake mangani njerwa mosiya timipata m'munsi. Ngati njerwa palibe, lukani nsungwi monga mulukira nkhokwe, ndi kuilowetsa m'dzenjemo. Kumene madzi ali pafupi musakumbe mozama kufikira madzi. Kumbani pang'ono, ndi kukweza chimbudzicho pamwamba ndi njerwa ndi dothi. Chikhale kumunsi kwa chitsime kapena mjigo, pa mtunda wosachepera mamita 30.

Chimbudzi chakale chiyeseni mitanda yake ndi mpeni monga munachitira padenga. Chifolereni, unjikani dothi kuzungulira kuti madzi asalowe m'dzenje, ndipo pabowo pakhale chivundikiro chotsekera ntchentche. Pakhomo pake imikani mpondagiya, ndi sopo kapena phulusa.

KHOLA

Mbuzi sigwirizana ndi matope. Ikagona ponyowa imadwala zilonda za m'mapazi, chifuwa ndi njoka za m'mimba. Khola la m'mwamba ndilo labwino. Mipata ya pansi pake ikhale yolowa chala chimodzi, yokwanira kugwetsa ndowe koma yosakola mwendo wa kamwana ka mbuzi. Sinthani mitengo yothyoka, folerani, ndipo manyowa a pansi pake muwatute tsopano kupita nawo kumunda. Khola la nkhuku mulisese, muthire phulusa m'ming'alu mobisala utitiri, ndi kutseka mabowo olowera zilombo. Funsani mlangizi wa ziweto za katemera wa chitopa wodontheza m'diso, amene amabwerezedwa miyezi 4 iliyonse.

ZITSULO ZOLIMIRA

Khasu logwedera limatopetsa munthu kawiri. Mpini wong'aluka musaumange ndi mphira, semani wina. Sankhani mtengo wouma wa mfundo kumutu, otchani msuka pamoto, ndi kuulowetsa pang'onopang'ono kuti bowo likhale la muyeso wake. Nolani khasu, nkhwangwa ndi chikwanje ndi tupa kapena pamwala. Makasu akutha musataye, osula amapanga nawo timakasu topalira ndi mipeni.

Amene mwalima dimba m'chilimwe, mukamaliza kuthirira tsukani keni, muiumitse ndi kuipachika mozondotsa. Yodontha mupite nayo kwa okhoma zidebe. Pampu yopondaponda muichotse kudimba madzi asanadze, muitsuke mchenga, ndi kusunga mapaipi pamthunzi. Mphira zake zikatha gulani tsopano, musadikire mwezi wa Meyi pamene aliyense adzazifuna.

M'MUNDA NDI M'DIMBA

Mundanso umang'ambika monga nyumba. Inu a kumapiri a ku Namwera ndi Katuli, ndi nonse olima potsetsereka, yenderani akalozera anu. Pamene madzi anadula chaka chatha, kwirirani ndi kukweza, ndipo mvula ikakhazikika dzalanipo udzu wa vetiva mothithikana. Mizere itsate akalozera, motalikirana masentimita 75, ndipo m'makwalala tsekani ndi timizere topingasa kuti madzi alowe pansi pomwepo.

Chigwembe chigwireni chikadali chaching'ono. Yambirani kumtunda kumene madzi amachokera. Khomani zikhomo mopingasa, lukanipo nthambi, kapena sanjani miyala, pakati pakhale potsikirapo kuti madzi adutse pamwamba osakumba m'mbali. Tchingo zing'onozing'ono zambiri zimaposa chimodzi chachikulu. Dothi limene likuchoka m'munda mwanu limathera mu Shire, m'nyanja ndi mu Malombe, kumene limakwirira malo oswanirana chambo. Motero mlimi wosasamala munda amalanda ndiwo msodzi, ndipo kuno ambiri a ife ndife alimi ndi asodzi pamodzi. Pa chifukwa chomwecho musalime kufika m'mphepete mwenimweni mwa mtsinje. Siyani bango ndi mitengo zigwire gombe.

Mpanda wa dimba ndi wa pakhomo muukonze mbuzi zisanazolowere njira. Pakati pa nsichi zouma dzalani mitengo yophuka, kuti m'tsogolo mpanda udzakhale wamoyo wosafuna kumanga chaka ndi chaka.

TIGWIRIZANE

Mwina mukuti ntchito zachuluka, ndipo kumunda kukudikira. Nzoona. Koma tsokonombwe anatha mtunda ndi kudumpha. Gawani motere: sabata yoyamba nkhokwe ndi denga, yachiwiri khoma ndi ngalande, yachitatu chimbudzi ndi khola, yachinayi zitsulo ndi akalozera. M'mawa pitani kumunda, ndipo madzulo dzuwa likapepa gwirani ya pakhomo. Ana a sukulu akhoza kututa mchenga ndi kupota zingwe, koma padenga asakwere.

Mutu umodzi susenza denga. M'mudzi uliwonse muli agogo okhala okha, amayi amasiye, ndi makomo amene abambo ali kunyanja kapena ku Joni. Lachisanu pochoka ku mzikiti, kapena Lamulungu pochoka ku tchalitchi, panganani tsiku lokafolera nyumba zawo. A mfumu ndi a komiti ya chitukuko cha m'mudzi atsogolere, ayendere khomo ndi khomo mwezi uno usanathe. Mverani pa wailesi zimene a nthambi yoona za nyengo akulengeza, ndipo mudziwiretu malo okwera othawirako madzi akadza usiku.

Pamene simunamvetse, funsani mlangizi wa zaulimi kapena wa zaumoyo wa m'dera lanu, ndiyo ntchito yathu. Ine nkhokwe yanga ndafolera kale sabata yatha, ndipo mayi a kunyumba aiyendera okha kuti atsimikize. Kodi yanu ili bwanji?

Tsalani bwino.

Ine wanu,
Mlangizi wa Zaulimi, Mangochi